Fani Yoima Pakhomo

Kutentha kwa Okutobala ku Iponga sikufunsa kuti ndiwe yani. Kumayamba nkhuku zisanamalize kutola zam'mawa, ndipo pofika masana malata amakhala akulira okha padenga. Munthu wamphamvu amathawira pansi pa mtengo wa mango. Nanga wodwala amene mbali imodzi ya thupi inafa athawira kuti?

Wodwalayo anali apongozi ake a Ipyana, bambo wa mwamuna wake Lyson. Matenda ofa ziwalo anawagwetsa m'munda wa nthochi, ndipo chitulukireni m'chipatala amangogona kuchipinda, thukuta likunyowetsa zofunda mpaka msana unayamba tizilonda. Lyson amayendetsa lole ya eni ake pamsewu wa ku Dar es Salaam, kunyumba amangoonekera ngati mlendo. Azakhali a Bertha, mlongo wa mkuluyo, amabwera m'mawa kudzawasambitsa, kuwasiyira chakudya ndi madzi pafupi ndi dzanja lamoyo, n'kuthamangira kumunda kwawo mpaka madzulo. Masana onse pakhomo pamatsala Ipyana yekha, ndipo Ipyana m'chipindamo sakanalowa.

Mwambo wa Chinkhonde umati mkazi wokwatiwa asayang'anizane ndi bambo wa mwamuna wake. Salowa momwe ali, satchula dzina lawo, ndipo akawaona panjira amapatuka. M'makomo ambiri zimenezi zinatha kalekale, koma pakhomo pano ayi. Mkuluyo anausunga mwambowo ngati mbewu, ndipo Ipyana, chikwatiwireni, apongozi ake amawadziwira kutsokomola ndi nsapato zosiyidwa pakhomo. Tsopano amawadziwira kubuula. Amakhala kuseri kwa nsalu yotchinga chitseko, akumva munthu akupsa, manja ake ali awiri koma opanda ntchito. Zimamupweteka, ndipo zimamukwiyitsa.

Ndiye kunabwera mlamu wake Reginald, mkulu wa Lyson, wogwira ntchito ku Lilongwe. Tisamunamizire, bambo wake amawakonda. Anatuluka m'chipindamo maso ali ofiira, malaya atamatirira kumsana.

"Alamu, umu si m'chipinda, ndi mu uvuni," anatero. "Tchuthi changa chikutha Lamulungu. Bambo ndikuwatenga."

"Sapita," anayankha Ipyana, osasiya kupeta mpunga.

Amadziwa chimene amanena. Azakhali a Bertha anali atamuuza kuti mkuluyo atamva za Lilongwe analira ngati mwana. Manda a mkazi wawo ali kuseri kwa nthochi zomwezo, ndipo akuti akakwera galimoto ya Reginald adzabwerera m'bokosi.

"Mumusamalira bwanji munthu amene simumuona?" anafunsa Reginald.

"Mwana wanga ali m'mimba ndinkamuona?"

Reginald anaseka pang'ono, koma sanagonje. Anati ngati zili choncho Ipyana angolowa m'chipindamo, masiku ano anthu ndi a tchalitchi, palibe amene angamuloze chala. Ipyana anamuyang'ana ngati wanena zamwano. Iye kulowa sikukanamuvuta. Koma mkulu wogona osavala malaya, wolephera ngakhale kutembenuzira nkhope kukhoma, n'kuona mkazi wa mwana wake ataima pamutu pake? Matenda anawalanda mwendo, dzanja ndi theka la lilime. Chimene chinatsala ndi ulemu wokhawo, ndipo Ipyana sakanakhala iye woulanda.

"Gulani fani," anatero. "Akamagona masana osabuula, muwasiye."

"Ndigula yabwino kuposa zonse."

"Mugule, koma wosankha ndine."

M'mawa mwake Ipyana anapatsa azakhali a Bertha chingwe choyanikira zovala kuti akagwire nsonga yake pamtsamiro wa mkuluyo. Iye ali kunja anachikoka mpaka pakhomo n'kumanga mfundo. Kenako anatapa mankhusu a mpunga m'jumbo, natenga mbale yachitsulo, n'kukwera galimoto ya mlamu wake. Reginald anayang'ana katunduyo, nayang'ana mwini wake, n'kuliza galimoto.

Sitolo ya Swaleh ku boma inali yodzaza mpaka kudenga, mawailesi, maketulo, mababu, zambiri zochokera ku Tanzania. Swaleh mwini anali wa ku Mangochi, wokhala ku Karonga zaka zokwanira kudziwa kuti munthu wotsika m'galimoto yakeyake samuonetsa zotchipa. Anamulambalala Ipyana n'kupita kwa Reginald.

"Karibu bwana, karibu. Mafani alipo, koma inuyo ndikuonetseni iyi."

Inali yaitali, yakuda, yopanda mapiko ooneka, yoima ngati mtsikana wa pa ukwati. Swaleh anadina rimoti, timagetsi tabuluu tinayaka, ndipo fani inayamba kutembenuka mwakachetechete. Reginald anaika nkhope pafupi natseka maso.

"Eya, imeneyi ndiye class. Sipanga phokoso, bambo azigona bwino."

Ipyana anatulutsa chingwe chake chija. Anagwada, naika mfundo ya chingwe paphazi la fani, nayenda chafutambuyo akuchitambasula pakati pa makatoni. Pansonga anaika mpando, pampando mbale, m'mbale mankhusu.

"Mayi, mukutani m'sitolo mwanga?" anafunsa Swaleh.

"Ndikugula fani. Ikwezeni mpaka pomaliza."

Swaleh anaikweza. Timagetsi tinachuluka, koma mankhusu anangokhala phee m'mbale.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero Ipyana. "Bweretsani ina."

"Alamu, mwaiika kutali," anatero Reginald. "Imeneyi tiziika pafupi ndi bedi, inu muziyatsa ndi rimoti muli kunja. Simple."

"Bambo a sitolo, rimotiyi imagwira ndili kuseri kwa khoma?"

Swaleh anakanda ndevu. "Ayi, imafuna muiloze."

"Ndiye ndiiloze ndikuyang'ana kuti, alamu? Mukanena kuti agwire okha, dzanja lotsalalo limanjenjemera. Kapu imagwa ine ndikumva. Rimoti ikagwera pansi pa bedi, wokatola ndani? Fani iyenera kuima kunja, pamene ndifika ine, mphepo yake ndiyo ilowe."

Anthu ogula mababu anali atasiya mababu. Mayi wina wobereka mwana anafunsa mnzake m'Chitumbuka ngati mkaziyu ali bwinobwino, mnzakeyo n'kumugwedeza kuti akhale chete aonere. Swaleh, poona kuti sitolo yadzaza, mtima wa malonda unamubwerera. Anabweretsa kafani ka patebulo koyera, kokongola. Kanayesetsa, kanapukusa mutu uku ndi uku, mankhusu osakamva n'komwe.

"Haya, basi," anatero Swaleh. "Mukufuna mphepo? Dikirani."

Anakoka chifani chachitsulo cha mapiko akuluakulu, chonga chimene amaika ometa tsitsi. Atangochiyatsa chinabangula ngati chigayo. Mankhusu anauluka onse, ena pamawailesi, ena m'tsitsi la Reginald, mbale n'kugwa pansi ndi phokoso. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ipyana nayenso mtima unamukoka, chifukwa chimenechi chikanaumitsa msana wa apongozi ake tsiku limodzi.

"Ndiye mwapeza," anatero Reginald akudzisasa. "Phokoso tipirira."

"Zulani chingwe cha magetsi pakhomapo," Ipyana anauza Swaleh.

Swaleh anazula. Mapiko anazungulira pang'ono, naima.

"Kwathu magetsi amakonda kuthima masana, nthawi imene dzuwa lakwiya. Chimenechi chizikhala chopachikapo zovala."

Apa Swaleh anasiya zokometsera. Anapita kuseri natulutsa ina yafumbi, yobiriwira ngati ndowa, ya khosi lalifupi ndi phazi lolemera. Anati ili ndi batire m'kati, magetsi akathima imapitiriza, koma asaname, mukaithamangitsa kwambiri batire silichedwa kutha, ndipo imafuna kutchajidwa tsiku lililonse. Mtengo wake unali pakati, wopitirira chachitsulo chija koma wosafika kwa mtsikana wa timagetsi. Anthu, iye anati, amaidutsa chifukwa cha nkhope.

Ipyana anathiranso mankhusu. Fani inayaka n'kuyamba kupukusa mutu. Ikaloza kumbale mankhusu amangonjenjemera, isanawasunthe yatembenukira kwina.

"Mwaona? Yofooka," anatero Reginald.

"Si yofooka, ikungopatsa moni aliyense."

Anafunsa ngati mutu ungaime malo amodzi. Swaleh anakoka kachitsulo ka kumbuyo, mutu unaima. Mankhusu anayamba kusuntha, pang'onopang'ono, kukwera m'mphepete mwa mbale, n'kumagwera pansi. Ipyana anazula yekha chingwe cha magetsi pakhoma. Mapiko sanaime, ndipo mankhusu anapitiriza kugwa.

"Ndi imeneyi."

"Alamu, chonde. Anthu obwera kudzaona bambo aziti Reginald wa ku Lilongwe wagula chidole."

"Anthuwo ali ndi miyendo, akatenthedwa azituluka panja."

Nkhope ya Reginald inauma. Kuseka kwa anthu kunali kutamufika pamtima, komanso, kunena chilungamo, amaopa. "Mukalakwitsa, bambo ndikuwatenga, ndipo musadzandiuzenso za mwambo."

"Ndamva," anatero Ipyana. Anapinda chingwe chake, nasenza fani pamutu ndi fumbi lake lomwe, n'kutuluka mlamu wake asanatulutse chikwama. Swaleh anamukuwira kuti katoni yatsala, iye anati katoni sipepesa munthu.

Kunyumba anapinda nsalu ya pachitseko kuchokera pansi mpaka m'chiuno n'kuimanga ndi mapini, kuti mphepo idutse koma nkhope zisaonane. Fani anaiika pakampando, khosi lalifupi lija n'kulingana ndendende ndi bedi. Azakhali a Bertha ali m'kati anamuwongolera, kumanja pang'ono, basi pomwepo, ndipo Ipyana analemba ndi khala pansi pamene miyendo ya kampando iyenera kukhala. Masana amenewo magetsi anathima monga mwa chizolowezi chawo. Fani inapitiriza. Ipyana anakhala pansi atatsamira khoma, akumvetsera. Kubuula kunachepa, kunaleka, ndipo m'malo mwake kunamveka mkonono. Misozi inamutsika, naipukuta msanga ndi chitenje kuti mlamu wake asaione.

Masiku otsatira anaiphunzira ngati mwana wakhanda. M'mawa amaitchaja, masana amaiyendetsa pakatikati kuti batire lifike madzulo, ndipo akamva bedi likulira amadziwa kuti kutentha kwakula, n'kuikweza. Azakhali a Bertha anati tizilonda tayamba kuuma m'mbali.

Koma Lamulungu, atabwera kutchalitchi, Reginald anapinda mipando ya kumbuyo kwa galimoto n'kuyalamo matiresi.

"Tinagwirizana," anatero Ipyana, ataima pakati pa iye ndi khomo.

"Fani yagwira ntchito, sindikukana. Koma fani si dokotala, alamu. Kwanga chipatala chili pafupi. Akadwala mwadzidzidzi muli nokha, mudzatani? Mudzawayang'ana kudzera m'khoma?"

Funsolo linamubaya, chifukwa amadzifunsa yekha tsiku lililonse. Komabe sanasunthe.

"Ndidzakuwa, mudzi wonse udzabwera. Kwanuko akakuwa adzabwera ndani, inu muli kuofesi? Lowani mukawafunse okha. Ndi bambo anu, si katundu."

Reginald anawerama pansi pa nsalu n'kulowa. Ipyana anakhala pamalo pake, pafupi ndi fani, msana kukhoma. Magetsi anali atathima kale. Anamva mlamu wake akulankhula mofatsa m'Chinkhonde, akutchula chipatala, adzukulu, chipinda chozizira, akuti galimoto yakonzeka. Mapiko a fani anapitiriza kuzungulira. Mkuluyo akavomera, Ipyana sakanatha ngakhale kutsanzikana nawo. Akanayenera kubisala kuseri kwa nyumba powanyamula.

Kenako kunamveka mawu olemera, okoka lilime. Sanali kulankhula ndi mwana wawo.

"Iwe fani."

Reginald anati, "Tata?"

"Sindikunena iwe. Ndikunena fani iyo ili pakhomo." Anapuma kaye. "Iwe fani, umuuze amene anakuimika pamenepo kuti mphepo yake ikundifika. Umuuze kuti ndikugona bwino. Umuuzenso kuti ine sindikupita, asadandaule."

Chikwatiwireni, Ipyana anali asanamvepo mawu a apongozi ake olunjika kwa iye. Anagwira pakamwa ndi dzanja. Kuyankha sakanayankha, mwambo unali pomwepo pakati pawo ngati nsalu ija. Anatambasula dzanja n'kudina batani, fani inakwera liwiro, ndipo nsalu inayamba kupepera m'kati.

M'chipindamo mkuluyo anaseka, kuseka kokhota kwa mbali imodzi.

"Wamva, Reginald? Wayankha. Kachotse matiresi m'galimotomo."