Mayi Mmodzi, Mayina Atatu

Mitambo inali itayamba kusonkhana kwa Wimbe, koma alimi a kopaletivi ya Chisangalalo analibe mbewu. Chaka chimenecho anagwirizana zochepetsa fodya n'kuyesako soya, ndipo kampani ina inalonjeza kuwapatsa mbewu ndi kudzagula zokolola zawo. Magulu ena onse anali atalandira kale. Iwo anangolandira uthenga wa pafoni wakuti: "Pamndandanda wanu pali alimi ongopeka. Mukapanda kukonza, mbewu yanu tipereka kwina."

A Lameki Mwale, mlembi wa kopaletiviyo, anafika kunyumba nkhope ili gwaa. Anakhala pansi pa chigafa, pepala lili m'manja.

"Bambo a Success, kwagwanji?" anafunsa akazi awo.

"Naphiri, akuti ndapeka anthu. Ine, mkulu wa mpingo, ndipeke anthu chifukwa cha soya? Mvula ikagwa tilibe mbewu, mudzi wonse udzaloza ine chala."

"Nanga mayinawo munawatenga kuti?"

"M'mabuku athu omwe. Langa la misonkhano, la msungichuma, ndi la kusikelo. Ndangophatikiza basi. Palibe dzina ndaliwonjezera."

Mayiwo anawauza kuti akafunse kwa mayi Fadila, mnzawo amene ali ndi sitolo ya zipangizo za ulimi pa Chamama. Anali atawamvapo akukamba kuti anapita ku maphunziro a kasungidwe ka mabuku a bizinesi. A Lameki anayamba akana, poti manyazi anali atawagwira, koma atakumbutsidwa kuti safunsa adadya phula, anapopa njinga. M'mawa mwake anakwezana ndi akazi awo ulendo wa ku Chamama.

Atalonjerana, mayi Fadila anayala pepala lija pakauntala n'kuyamba kuyendetsa chala. Sanachedwe kuima.

"Naphiri ndi ndani?"

"Ndine," anayankha akazi a Lameki.

"Nanga Amake Success?"

"Ndine ndemwe. Msungichuma amanditchula choncho."

"Mayi Mwale?"

Mayiwo anagwira pakamwa. "Amenewonso ndine. Kusikelo amandilemba dzina la abambowa."

Mayi Fadila anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango wawo. "Ndiye a Mwale, papepala pano muli ndi mitala! Akazi atatu, onse foni imodzi. Akumpingo akudziwa zimenezi?"

A Lameki anafuna kukwiya, koma nawonso kuseka kunawapambana. Zinali zoona. Iwo sanatchulepo akazi awo dzina lenileni chikwatiranireni, ndiye m'buku mwawo analemba momwe amawaitanira kunyumba. Enanso analemba momwe anazolowera. Palibe amene ananama, koma kompyuta ya kampani sidziwa ulemu wa kwathu. Inangoona mayina atatu pa nambala imodzi ya foni n'kuganiza kuti pali chinyengo.

"Musadandaule, inenso zinandigwera," anatero mayi Fadila, akuloza matumba omwe anasanjikizana pakona. "Feteleza uyo, ine ndinkalemba kuti Chitowe. Amuna anga ankalemba wokulitsa. Wogulitsa wathu ankalemba NPK. Tsiku lina ndinayang'ana m'buku n'kuona ngati Chitowe watha, ndinaitanitsa wina, chonsecho matumba ali mbwee kumbuyoku ndi mayina enawo. Pa maphunziro paja ndi pomwe ndinamva kuti ngakhale makampani akuluakulu amadwala matenda omwewa."

"Mankhwala ake n'chiyani?" anafunsa a Lameki.

"Mukhale ndi kaundula mmodzi wamkulu, mayi wa mabuku onse. Mlimi aliyense alembedwemo kamodzi kokha, ndi dzina lomwe lili pa chiphaso chake cha unzika, ndipo apatsidwe nambala yakeyake. Mayina ena omwe amadziwika nawo muwalembe pambali, kuti musasokonezeke. Msungichuma ndi wa kusikelo asamalembenso mayina a m'mutu mwawo. Azitenga dzina ndi nambala mu kaundulamo."

"Nanga wina akasintha foni, kapena akakwatiwa?"

"Apo ndiye pagona nkhani. Musankhe munthu mmodzi woti azisintha za mu kaundula, ndipo komiti izidziwa chomwe wasintha ndi chifukwa chake. Aliyense akamalowetsamo dzanja, mubwerera komwe mwachokera. Nyengo iliyonse musanalime, muziwerenga kaundulayo pamaso pa anthu. Chinanso, manambala a foni ndi a ziphaso ndi za eni ake. Musamangopatsa aliyense wobwera ndi galimoto."

A Lameki anaitanitsa msonkhano wadzidzidzi, aliyense abwere ndi chiphaso chake. Anthu anabwera akung'ung'udza, ena ali ndi mawu okonzeratu oti amulalatire mlembi. Koma atayamba kuitana mayina, ukali unasanduka phwete. Bambo wina anapezeka kawiri, koyamba ndi dzina la ubatizo, kachiwiri ndi dzina loti Chitedze lomwe anzake anamupatsa pa bawo. Mayi wina anaimirira katatu konse.

Kuseka kunatha pamene mayi Chikhumbo Phiri, mayi wamasiye wa kutsidya kwa dambo, anakweza dzanja.

"Ine dzina langa sindinalimve."

A Lameki anafufuza m'mabuku atatu aja ndipo mtima unawawawa. Mayiwa nawonso anthu amawatchula kuti Naphiri. Pophatikiza mabuku, a Lameki anaona Naphiri kawiri, n'kufufuta mmodzi poganiza kuti ndi akazi awo alembedwa mobwereza. Mndandanda womwe unachulukitsa anthu ena unali utameza munthu weniweni, amene anali atalima kale mizere yake kudikira mbewu.

"Pepani mayi," anatero a Lameki pamaso pa onse. "Mbewu ikanabwera ndi mndandanda uja, inu mukanabwerera chimanjamanja."

Tsiku lomwelo analemba kaundula watsopano. Aliyense anaona dzina lake, nambala yake ndi mudzi wake, n'kuvomereza kuti zili bwino. Anthu anasankha a Lameki omwewo kuti akhale osunga kaundulayo, wapampando ndi msungichuma azisayinira chilichonse chosinthidwa. Mndandanda woyera unatumizidwa ku kampani, pamodzi ndi kalata yofotokoza chomwe chinachitika.

Lole ya mbewu inafika mvula yoyamba isanagwe. A Lameki anaima pambali pake ndi kaundula, akuitana mmodzimmodzi. Mayi Chikhumbo Phiri analandira thumba lawo, n'kulisenza akumwetulira. Kenako mlembi anafika pa dzina lina n'kuyamba kutsokomola.

"Werengani, a mlembi!" anthu anakuwa. "Lamulo munaika nokha!"

A Lameki anawerenga: "Angelina Phiri."

Akazi awo anaimirira pang'onopang'ono, akukonza chitenje, ntchembere zikululutira. "Ndilipo," anatero. "Ndipo ndilipo ndekha. Anzanga awiri aja munawasudzula."

Analandira thumba limodzi, ndipo madzulo ake mvula inayamba kuwaza.

Phunziro lake ndi ili: kaya ndi kopaletivi, sitolo kapena kampani yaikulu, munthu aliyense ndi katundu aliyense alembedwe kamodzi, ndi dzina limodzi ndi nambala imodzi, mu kaundula mmodzi amene mabuku ena onse akutengerako. Pakhale munthu wodziwika wosamala kaundulayo ndi malamulo a kasinthidwe kake. Kunyumba itanani munthu ndi dzina la ulemu lomwe mwazolowera, koma mu kaundula mulembeni monga chiphaso chake chikunenera, kuti pasapezeke wolandira katatu pamene mnzake akubwerera wopanda kanthu.