Mavalavu Omangidwa Injini Ili Yotentha

Lachiwiri pa 8 Julayi, nthawi ya 6:40 m'mawa, Dyson, wakabaza, anaponda kiki yolizira injini kachisanu ndi chinayi. Njinga yamoto inangotsokomola n'kukhala chete. Mwera unali ukuwomba kuchokera Lamlungu, ndipo ku Kande kunkazizira.

Mkazi wake Priscilla, wophika pa loji, anaima pakhonde atagwira chiphaso cha mayeso. Pepala la masamu la Fomu 4, limene analiwerengera zaka ziwiri, linkayamba 8 koloko pa sukulu ina kupitirira Chintheche.

"Bambo a Mercy, ndingopita kumsewu?"

"Minibasi ya m'mawa imadutsa yodzaza. Dikira, ilira."

Dyson anatseka tchoki, anapukuta pulagi, anasuzumira petulo. Zonse zinali bwino, koma kiki inkangotsika fwaa, yopanda mphamvu. Anaimbira Killion, makaniko amene anakonza mavalavu a injiniyo dzulo lake.

"Ada Killion, njinga yakana."

"Kiki yapepuka?"

"Yapepuka."

"Ndinakuuzani, achimwene. Mavalavu samangidwa injini ili yotentha. Inu munati mukuthamangira anthu a mpunga ku Limphasa, ndimange pompo. Usiku yazizira, mpata watsekeka, mpweya ukuthawa. Muli ndi sipanala ya teni ndi lezala?"

Dyson anatsegula tizivindikiro tiwiri, foni ili pakati pa khutu ndi phewa. Anazungulitsa injini mpaka chizindikiro cha T, anamasula nati, nalowetsa lezala pampata wa valavu kuti auyeze. Zala zinali gwa ndi chisanu. Nati inapulumuka n'kugwera mumchenga. Anaifufuza mphindi khumi ndi ziwiri, Priscilla naye atagwada, akusefa mchenga ndi lichero.

Njinga inalira 7:58. Ananyamuka, koma pa mlatho anapeza lole ya matabwa itatseka njira.

Anafika 8:41. Woyang'anira mayeso, mayi wa magalasi, anayang'ana wotchi yake kenako chiphaso.

"Pepani mayi. Theka la ola ladutsa. Sindingakulowetseni."

"Vuto ndi langa, madamu," anatero Dyson. "Mavalavu..."

"Pepani bambo."

Chitseko chinatsekedwa. Priscilla anapinda chiphaso kawiri, nachiika m'chikwama. M'mawondo mwake munali mukadali mchenga.

Dyson anaponda kiki kamodzi, injini inalira bwinobwino.

"Kwera, mayi a Mercy."

"Pitani mukanyamule mpunga," anatero Priscilla, nayamba kuyenda wapansi kulowera kumsewu.