Mzere Umene Mlonda Anafufuta

Mu ofesi ina yolemba mapulogalamu a kompyuta munali bambo amene anzake ankamutcha Mlonda. Iye ankasamalira chida cha pakompyuta chofufuza zolakwika, ndipo pulogalamu iliyonse inkayamba yadutsa m'chidacho isanapite kwa eni ake. Desiki yake inali kuseri kwa kabati, moyang'anana ndi khoma. Anthu ankamukumbukira chida chikavuta basi.

M'chidamo munali tizigawo tothandizira, kena kodula mawu, kena kokonza mayina a mafayilo. Tizigawo totere sitisunga kanthu: timalandira funso, kuyankha, n'kuiwala. Vuto linali loti tinamwazikana, kamodzi komweko kolembedwa malo anayi. Mlonda anaganiza zotisonkhanitsa pamodzi.

Anauzako mnzake wotchedwa Liwiro atakumana pamasitepe.

"Achimwene, ingosesani zonse kamodzi," anatero Liwiro. "Chida n'chanu. Mukati mufunse anthu, imvi zidzakupezani muli pamsonkhano."

Sabata imeneyo, macheza aatali a Mlonda anali omwewo.

Kwa milungu itatu anagwira yekha osauza munthu wina. Masana anzake akatuluka kukadya, iye ankatsala ndi phokoso la fani. M'kagawo kowerenga mafayilo anapezamo mzere wa malamulo a kompyuta umene sanaumvetse. Anauyang'ana kawiri, n'kuufufuta.

Lachisanu m'mawa analowetsa zosintha zake zonse m'chida chija. Pofika teni koloko chida chinali chikungozungulira osamaliza. Tsiku lomwelo gulu lawo linayenera kupereka kuchipatala china pulogalamu yokumbutsa odwala tsiku lolandira mankhwala. Sinapite. Liwiro anadutsa pa desikiyo maso ali pafoni.

Amene anabwera ndi mkulu wa gululo, mayi amene analemba chidacho kalekale. Anakoka mpando n'kukhala.

"Bambo, tandionetsani zimene mwasintha."

"Ndi mafayilo makumi asanu ndi limodzi, mayi."

Anafufuza awiriwiri mpaka dzuwa kupendeka. Kenaka mayiwo analoza pamene panali mzere uja.

"Kagawo aka kamafanana ndi anzake nkhope yokha, koma iko kamasunga. Mzerewo unkalemba mafayilo amene awerengedwa kale. Popanda iwo, fayilo iyi imaloza iyo, iyonso n'kuloza iyi, osatha. Ndinaulemba ndine, osasiyapo ndemanga. Pamenepo ndinalakwa. Nanga inu bwanji simunandifunse?"

Mlonda anayang'ana zala zake. "Ndimati ndikutayitsani nthawi. Chiyambireni chaka palibe anandifunsapo chimene ndikuchita."



"Nalonso ndi vuto langa," anatero mayiwo. "Tibwezeretse zakale. Kenaka muzisuntha kagawo kamodzikamodzi. Musanakakhudze, lembani mayeso osonyeza mmene kamayankhira lero, ndipo mutsimikize kuti sikasungadi kanthu. Mukatha, munthu wina aziwerenga."

Pulogalamu ya chipatala inapita Lolemba. Namwino anaimba foni kunena kuti odwala asanu ndi awiri anadumpha tsiku lawo, ndipo anachita kuwalondola mmodzimmodzi. Mlonda anamva zonsezo ali kuseri kwa kabati.

Lachiwiri anatumiza kusintha koyamba, mizere isanu ndi inayi yokha. Anadikira tsiku lonse, manja ali pamiyendo. Nthawi yoweruka yankho la mayi aja linafika: "Ndaona. Mzere wachitatu mwaulemba bwino kuposa ine."

Analiwerenga kangapo asanazimitse kompyuta.

Phunziro: Chimene simukuchimvetsa musachichotse musanafunse. Ntchito yaikulu iduleni tizidutswa, muziyesa chilichonse, ndipo wina aziona. Inunso atsogoleri, wantchito wachete si ndiye kuti zonse zili bwino. Muzimuyendera zinthu zisanawonongeke.