Maluwa a Juni

"Ndati Epulo!"

"Koma atsibweni, mvula yagwa dzulo. Mudzi wonse ukubzala."

"Ukubzala chimanga. Izi si chimanga, iwe."

Levison anafumbata kapepala momwe munali njere khumi ndi ziwiri, zakuda, zolimba ngati timiyala. Atsibweni ake, a Elifasi, ankasamala maluwa a dona wina pa esiteti ya fodya ku Namitete, ndipo ndiwo anabwera nazo. Dona ankati ndi switipi, maluwa oyanga patsekera, onunkhira kuposa sopo wa m'sitolo ya Mmwenye.

"Maluwa awa amakonda chisanu," anatero a Elifasi akusema mpini. "Ukabzala lero, awola ndi mvula. Udikire mvula ithe, uziviike m'madzi tsiku limodzi, ukabzale kudimba. Juni akamaluma, apo ndiye uona maluwa."

Juni! Levison anawerenga miyezi pazala, dzanja limodzi silinakwane. Anali atangomaliza Sitandade 6, ndipo m'buku lina la Chingerezi anaonamo chithunzi cha mnyamata atagwada, akupereka maluwa kwa namwali. Chiyambire pamenepo, akatseka maso ankadziona iye atagwada chomwecho pamaso pa Febe, mwana wa mkulu wa mpingo ku Nsaru. Vuto linali Wilfred, mnyamata wina womufunanso Febe, amene anabwera kuchokera ku Joni ndi njinga ndi chipewa, ndipo analibe nthawi yodikira maluwa.

"Nanga ndikaziphimba ndi udzu ngati nazale ya fodya?"

"Ziwola ndi udzu womwewo."

"Pachulu? Madzi sakhala pachulu."

"Chiswe chikuthokoza." A Elifasi anaika kasemasema pansi. "Kodi akufuna maluwa mwachangu choteroyo ndani? Mbuzi za amako?"

"Ayi, ndi... kungokongoletsa pakhomo."

"Pakhomo pa yani? Mwamuna kwathu kuno sakhalitsa pa amake. Ubzala lero, mawa wapita kuchikamwini, athirire ndani? Ine?"

Levison anayang'ana zala zake zakumapazi.

"Lamulungu ndinadzera pa Nsaru," anapitiriza a Elifasi, ngati akuuza mpiniwo. "Ndinaona njinga itatsamira nkhokwe ya mkulu wa mpingo. Yokongola, eti. Belu lake ngilingili, mpaka nkhuku kuima. Atsibweni ake a mwininjingayo ati akusita jekete. Ine yanga ingodyedwa ndi mphemvu m'bokosi, poti mphwanga amangondituma njere."

Chithunzi cha m'buku chija chinazimiririka, m'maso mwa Levison munangotsala njinga.

"Atsibweni."

"Ndikumva. Pachulu pakanika, tsopano padenga?"

"Ayi." Levison anaimirira. "Loweruka mupite ku Nsaru. Mukaonane ndi atsibweni ake a Febe. Mukanene kuti ine Levison ndikumufuna, ndipo sindidikira Juni."