Dzina Lachiwiri pa Pepala

1.
Alivomera.

2.
Ndaziona Kaphuka, mzamba wa pachipatala cha boma, anawerenga imeloyo ataimirira m'khonde la wodi. Zaka zinayi akuyeza magazi amene amayi amataya pobereka, akupinda zitenje, akuziika pasikelo, akulemba, kufikira atapeza kuti chitenje chikanyowa mpaka pakutipakuti, mayiyo ali pangozi. Tsopano magazini ya zaumoyo ya kunja yati isindikiza pepala la zimene anapezazo. Aliyense adzawerenga mwaulere.

Mzere wotsiriza: wolemba alipire madola 2,600.

3.
Ngati n'zaulere, akulipira ndani? Ndaziona anawafunsa a Chikaonda, oyang'anira laibulale pakoleji ya anamwino.

Iwo anawerenga ndi zala.
Wolemba.
Yunivesite ya wolemba.
Bungwe lothandiza wolemba.
Nthawi zina magazini imakhululuka, ngati dziko ndi losauka.

Ndiye ifeyo, a Chikaonda.

Lembani kalata, mayi. Yesani.

4.
Yankho linabwera Lachinayi. Sitingathe, mmodzi mwa olemba ali kudziko lolemera.

5.
Mmodziyo anali Pulofesa Verhoeven, amene anamuthandiza masamu, munthu wabwino ndithu, anabwerapo kawiri, anasiya sikelo yatsopano, ndipo pafoni anayankhula mwachisoni kuti yunivesite yathu ikhoza kulipira mawa lomwe koma lamulo lawo likuti dzina langa likhale loyamba ndipo makalata onse azibwera kwa ine, si kufuna kwanga Ndaziona, ganizira bwino, ukakana sindikhumudwa

6.
Ilipo magazini yathu ya kuno, anatero a Chikaonda. Salipiritsa. Amaiyendetsa aphunzitsi atatu akaweruka.

Imatenga nthawi yaitali bwanji?

Chaka. Mwina ziwiri.

7.
Chaka. Ukudziwa amayi angati amalowa m'wodi muno pa chaka. Ukudziwanso angati satuluka ndi miyendo yawo. Ukuyenda, ukubwerera, wasamba m'manja kachitatu popanda chifukwa. Aliyense adzawerenga mwaulere. Dzina ndi chiyani? Dzina ndi zaka zinayi.

8.
Ndaziona analemba mawu awiri okha. Lipirani, Pulofesa.

Kenako anakalandira mwana wa mayi wa ku Chimwala, wamwamuna, wolira bwino.

9.
Patatha miyezi khumi anamutumiza ku maphunziro a azamba ku Liwonde. Wophunzitsa analemba pabolodi: Muyeso wa Verhoeven. Ndani anaumvapo?

Ndaziona anayang'ana zikhadabo zake.

Dzanja linakwera pambali pake. Mzamba wa ku Nsanje, wa imvi, nsapato zafumbi. Ine ndinaupeza pafoni. Mwezi wa Malichi mtsikana wina akanapita, ambulansi ili kutali, koma chitenje chinandiuza msanga. Pano akuyamwitsa.

Atakhala pansi anamugwira Ndaziona pamkono. Anzathu, simunaliwerenge pepalali? Azunguwa anaganiza bwino. Ndipatseni nambala, ndikutumizireni.

Ndaziona anatchula nambala yake pang'onopang'ono, kuti mayiyo asalakwitse.