Mng'alu wa ku Mtakataka

Pakamwa panga pamandiputira mavuto, ine Yobu. Ndikanangoyendetsa lole yanga osalankhula, bwenzi mtima uli m'malo.

Zinali zaka zija boma la Tanzania litamasula malonda, simenti ndi malata zitayamba kupezeka mbwee. Ulendo uliwonse wochoka ku Dar es Salaam ndinkabisa matumba awiriatatu, mpaka ndinamanga nyumba ya njerwa kwathu ku Mtakataka, m'munsi mwa mapiri. Ndinatulutsa Perpetua, mkazi wanga, ndi ana anayi m'kanyumba kaudzu, kanyumbako ndi kukagwetsa.

Tsiku lina ku Temeke, mu Dar es Salaam momwemo, anandipatsa katundu wachilendo: mabokosi asanu a makina oyezera zivomezi, opita ku Malawi. Mwini wake anali Mwanahija, mtsikana wophunzira za miyala, wobadwira ku Magomeni, mumzinda womwewo, koma bambo ake a ku Mangochi. Chichewa chake chinkatsimphina.

"Shikamoo, bambo Yobu," anandilonjera m'Chiswahili. "Muyende pole pole, makinawa ndi osalimba."

Tikumwa tiyi podikira mapepala, ndinamuseka. "Kodi achemwali, dziko limene tapondali likupita kuti, kuti mulilondole ndi mabokosi?"

Sanaseke. Anati nthaka si chinthu chimodzi, ndi zibenthu zikuluzikulu za thanthwe zoyenda pang'onopang'ono pamwamba pa miyala yotentha. Kwina zimagundana, mapiri ndi kutumphuka. Kwina zimakhulana. Kenaka anagwira chapati yake, mkate wopyapyala uja, mbali ziwiri, kukoka mpaka pakati panayamba kung'ambika.

"Kwanu zikusiyana chonchi. Pong'ambikapo ndiye chigwa chanu cha nyanja chija. Miyala imapirira zaka mazanamazana, tsiku limodzi imaduka."

"Aaa, nyumba yanga siingamve zimenezo!" ndinadzitama. "Simenti ya kuno! Kamng'alu kamodzi kokha ndiye kamandivuta. Ndikamata, pobwera ulendo wina kabwereranso."

Anasiya kutafuna. "Kamathera pakhoma?"

"Ayi, kamatsika pansi, kudutsa m'chipinda cha ana, kutulukira pabwalo."

"Zitseko zimatsekeka?"

Ha! Cha anacho ndinali nditachipala kawiri. Ndinkatukwana kalipentala, munthu wosalakwa.

Anatambasula mapu, ine ndi kuloza mudzi wathu. Chala changa chinagwera pamzere wofiira wotsata tsinde la mapiri, wosonyeza pamene nthaka ikung'ambika. Ndinachita mantha, sindinama.

"Zichitika liti?"

"Palibe adziwa, bambo. Mwina zaka zana, mwina sabata ino."

Kumudzi kulibe foni. Kalata imatenga mwezi, lole masiku anayi ngati a pachipata cha Songwe adzuka bwino.

Mwanahija anapita kumabokosi, kufufuta dzina la malo pa limodzi, kulembapo Mtakataka.

"Ili tikaliika pabwalo panu, mukalola."

"Bwanji kwanga, malo onsewa?"

Anayang'ana pansi, akusakasaka mawu a Chichewa.

"Timasankha pamene tikuganiza kuti chivomezi chiyambira." Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Muli ndi nyumba ina yoti ana agonemo? Ngakhale yaudzu, siipha munthu ikagwa."