Munthu Wotuwa wa Pamlatho

Tsiku lomaliza limene Pensulo anaona achimwene ake ali moyo, anangoona miyendo yokha. Thupi lonse linali pansi pa tebulo la m'kafe ya intaneti, pakati pa mawaya ndi fumbi, ndipo mawu ankamveka ngati a munthu amene ali m'chitsime.

"Wanyamuka, mphwanga? Ukafika kukolejiko usakatiiwale ife osaphunzirafe. Uzilowa mumzinda Lachinayi lililonse, uzindipeza pamlatho."

"Mzinda wanuwo, anthu ake mitu ngati njerwa," anatero Pensulo, chikwama chili kumsana.

"Nanga wakowo ndi wabwino? Tachoka pakhomopo, ukunditchingira kuwala."

Achimwene akewo aliyense ankawatcha a Mawaya. Mzinda umene ankanenawo anaumanga okha m'kompyuta yakale imene inkakhala pansi pa tebulo lomwelo, kuyambira masiku amene intaneti inkayamba yalira ngati mphaka wopondedwa mchira isanalumikizike. Anautcha Pansipatebulo. Munali misewu ya timabokosi, mtsinje wabuluu wosayenda, mlatho umodzi, ndi bala mmene anthu ankakangana polemba mawu. Aliyense wobwera m'kafemo anali ndi kamunthu kake ka mutu wa makona anayi. Munthu akatuluka, kamunthu kake kankasanduka kotuwa n'kuima pomwe wakasiyapo, pamwamba pa mutu patalembedwa tsiku limene anaoneka komaliza. Lamulo la a Mawaya linali limodzi lokha: wotuwa sakankhidwa, safufutidwa. Ukamusowa, umamuikira nyali kumapazi.

Lachinayi lina Pensulo analowa mumzindamo ali kukoleji, n'kupeza achimwene ake ataima pamlatho, ali otuwa, tsiku litalembedwa pamwamba pa mutu wawo. Anaganiza kuti magetsi azima kwawo. Mawa lake alamu ake, akazi awo a Mawaya, anamuimbira foni. A Mawaya mutu unangowawawa, ndipo kuchipatala anafika nawo mochedwa.

Maliro atatha, mwini nyumba anafuna chipinda chake chimene munali kafe ija. Anthu onyamula katundu anagwetsa kompyuta yakale ija pakhonde, ndipo sinayakenso. Mzinda wonse unathera pakhonde pomwepo, ndi nyali zake zonse. Alamu ake anatsala ndi makina a fotokope okha, amene anawaika m'kashopu kopanikizana pafupi ndi siteji ya mabasi. Pensulo sanabwererenso kukoleji. Anthu ankati chisoni chamusokoneza mutu. Iye ankangogula inki.

Anayamba kujambula nkhani ya m'zithunzi. Pansipatebulo anamukulitsa n'kumudetsa: mvula yosakata, nyumba zazitali zolembedwa ndi magetsi ofiira, anthu okhala ndi mawaya kunkhongo, ndi kampani imene inkagula maina a anthu osauka n'kuwasiya akuyendayenda osadziwa kuti ndi ayani. Munali mtsikana wa njinga yamoto amene ankaba mainawo n'kuwabwezera kwa eni ake. Koma mitu anaisiya ya makona anayi. Ndipo paliponse pamene mlatho unkaoneka, pankaima munthu wotuwa, wosalankhula, wosasuntha, mfuti zikulira, mvula ikumudutsa. Pamwamba pa mutu wake panali kabokosi kopanda kanthu. Pensulo akafika pamenepo dzanja linkamukanika.

Magazini ina ya achinyamata inavomera kuisindikiza. Tsiku limene anamuitana kuti akaone masamba asanapite kumakina, Pensulo anabwereka jekete la malemu, lalikulu m'mapewa. Ofesiyo inali pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo fungo la labala linkakwera nawo masitepe. Akonzi a magaziniyo, bambo wa magalasi apamphumi, anamulandira ndi manja awiri.

"Wafika mmisiri wathu! Khala apa, mwanawe. Asisi, tamuonetseni zodabwitsa."

Mayi wokonza masamba anachotsa zomvera m'makutu n'kutembenuza kompyuta. Mitundu inali yokongola, zimenezo Pensulo sakanakana. Magetsi ofiira ankawala m'madzi a mumsewu ngati enieni. Kenaka anaona nkhope ya mtsikana wa njinga uja.

"Mutuwu watani?"

"Taizungulitsako yonse," anatero akonzi. "Imaoneka ngati sunamalize. Usadandaule, ntchito yathu ndi imeneyo."

Tsamba lotsatira linali la mlatho. Mlathowo unalipo, mtsinje unalipo, mvula inalipo. Panalibe munthu.

"Ali kuti?"

"Ndani?"

"Amene amaima apa."

"Aa, chithunzi choyeserera chija?" anatero mayiyo, akumwetulira ngati wayembekezera kuthokozedwa. "Munaiwala kuchifufuta, achimwene. Ojambula ambiri amatero, amasiya chithunzi cha pensulo poyezera kutalika. Ndachichotsa masamba onse. Ntchito yake sinali yamasewera, mpaka ndinajambulanso zitsulo za mlatho zimene chimatchinga."

Anali atagwiradi ntchito yabwino. N'zimene zinamupweteka kwambiri. Panalibe ngakhale kachipsera. Munthu akanalumbira kuti pamalopo sipanaimepo aliyense chiyambire.

"Mwamufufuta," anatero Pensulo. Mawu ake anatuluka aang'ono. Anawakweza. "Mwamufufuta osafunsa? Foni yanga muli nayo. Mukafuna kundiuza kuti ndibwere, mumaipeza. Koma pochotsa munthu m'nkhani yanga, foniyo inasowa?"

"Munthu wake uti, mwanawe? Salankhula, sayenda, alibe nkhope. Owerenga aganiza kuti makina athu anafa."

"Aganize!"

"Iwe, tsitsa mawu. Muno si pasiteji."

"Pasiteji akakuponda amapepesa, bwana."

Mayi uja anayang'ana pansi. Akonzi anatsitsa magalasi n'kuwaika pamphuno, napumira m'mwamba ngati munthu woleza mtima amene dziko likumuyesa.

"Chabwino. Tiyeni tikumane pakati. Timubwezera. Koma patsamba lomaliza achitepo kanthu. Adzuke, asolole mfuti, apulumutse mtsikanayo. Owerenga adzati, eee, kani ameneyu amadikira nthawi yake! Ukuona? Ndakukonzera mathero aulere."

"Sayenda."

"Chifukwa?"

"Chifukwa wotuwa sayenda. Ndi achimwene anga. Anamwalira."

Pansi, kusitolo ya matayala, wina ankamenya chitsulo. Pensulo anadzida chifukwa chonena. Anaona nkhope ya akonzi ikufewa, kenaka maso awo akuwala pang'onopang'ono, monga amawalira maso a munthu amene watola chinthu pamsewu.

"Pepa, mwanawe, pepa kwambiri. Bwanji sunanene? Imeneyo ndiye nkhani! Asisi, tikonze tsamba loyamba. Chithunzi chake iyeyu atagwira pensulo, chithunzi cha malemu pambali. Mnyamata asiya koleji kuti alire mbale wake. Owerenga athu misozi amaikonda. Ndiye munthu wotuwayo timuika kamodzi, kumapeto, timupatse nkhope yeniyeni ya malemu, kuwala kukutsika kumwamba."

Pensulo anaimirira. Mpando unagwa chagada ndipo sanaudzutse.

"Achimwene anga sanali chikwangwani. Anamanga mzinda pansi pa tebulo, ndi kompyuta imene inu mukanaitaya kudzala, ndipo mmenemo ngakhale chidakwa chimene chinalowa kamodzi kokha chinaima pamalo pake osakhudzidwa. Inu mwakhala ndi munthu sabata imodzi, mwamufufuta, mwamupatsa mfuti, tsopano mukufuna kumugulitsa. Ndipatseni mapepala anga."

"Ukatuluka nawo pakhomopo, usadzabwerenso. Ojambula ali mbwee kunjaku."

"Ajambuleni amenewo mitu yozungulira."

Mayi wokonza masamba ndi amene anatsegula kabati n'kumupatsa envulopu ya mapepala ake enieni, a inki. Anaigwira ndi manja awiri. "Sindimadziwa, achimwene," ananong'ona. Pensulo anafuna kumuyankha mwaukali, koma anangogwedeza mutu n'kutsika masitepe.

Anayenda wapansi mpaka kukashopu ka alamu ake, akutukwana chamumtima njira yonse. Anawapeza akuchotsa pepala lokakamira m'makina, manja ali bii ndi inki ya ufa.

"Nanga mmisiri wabwera nkhope ili ngati wameza mavu? Akukana?"

"Ndawakana ndine."

"Ee, mpaka kukana anthu a maofesi! Jekete lomweli ndi limene lakupatsa matama. Mwini wake analinso choncho."

Anawafotokozera zonse, mitu, mfuti, kuwala kotsika kumwamba. Alamuwo anamvetsera atagwira m'chiuno. Atafika pa zofufuta, anaomba m'manja kamodzi.

"Kufufuta wotuwa? Anthu amenewa analeredwa kuti? Bweretsa kuno."

Anaika tsamba la mlatho pagalasi n'kutseka chivindikiro. Kuwala kunayenda, makina anakhosomola, pepala linatuluka lofunda. Panalibe magetsi ofiira, panalibe buluu. Mvula inali mizere yakuda, mitu inali njerwa, ndipo munthu wa pamlatho anatuluka wotuwa ndendende monga ankaonekera pakompyuta yakale ija. Alamu anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi mapewa akewo," anatero. "Tizipanga tokha muno, tiziluma ndi sitepula, tiziika pawindopa. Amene ankabwera kukafe adzamudziwa. Osamudziwa afunse, pakamwa ali napo." Anapukuta chala pa epuloni n'kuloza kumapazi kwa munthuyo. "Koma mlamu, nyali ili kuti? Wajambula mzinda wonse, mwamuna wanga wamusiya mumdima?"

"Ine sindinathe kumuikira. Mzinda unazima ndisanaike."

"Ndipatse cholemberacho."

Anatenga pepala lenileni, osati la fotokope, n'kuwerama. Sankadziwa kujambula. Nyaliyo inatuluka yopendekeka, yofanana ndi botolo lovala chipewa. Pensulo, amene m'mawa womwewo anagwetsa mpando chifukwa munthu anakhudza tsamba lake, anangowagwirira pepalalo kuti lisasunthe.

"Kwatsala kabokosika," anatero alamu, akumubwezera cholembera. "Ulemba tsiku la maliro?"

"Ayi. Mumzindamo sitinkalemba za maliro. Timalemba tsiku limene munthu anaoneka komaliza."

"Ukulikumbuka?"

Kunja kondakitala ankakuwa kuitana anthu, ndipo munthu wina anali ataima pawindo ndi mapepala ake, akudikira. Alamu anamukwezera dzanja kuti ayambe wadikira. Pensulo anakoka mpando, anayala tsambalo pamwamba pa makina ofundawo, ndipo analemba m'kabokosimo ndi zilembo za makona, monga zinkalembedwera ku Pansipatebulo.

14 Malichi 2019.